Kamunthu ka pepala ka a Gilbert Garcin

Pali chithunzi china chimene ndakhala ndikubwererako kwa zaka zingapo tsopano, ndipo nthawi iliyonse ndikachitsegula ndimayamba ndakhala kaye chete. N'choyera ndi chakuda basi, chopanda mtundu wina uliwonse. Pabwalo la mchenga, pansi pa thambo lolemedwa ndi mitambo, mkulu wina wadazi wovala chijasi chakuda akuyenda mozungulira, ndipo chigudumu chimene iye yemwe akuchiyendetsa chikubwera m'mbuyo mwake n'kumafafaniza mapazi onse amene wasiya mumchengamo. Palibe nyumba, palibe mtengo wamthunzi, palibenso munthu wina womuona. Dzina la chithunzichi m'Chifalansa ndi Le moulin de l'oubli, kutanthauza chigayo cha kuiwalika, ndipo amene anachipanga ndi a Gilbert Garcin, omwenso ndi mkulu wa chijasi uja.

Ndinachiona koyamba pa intaneti m'miyezi imene bambo anga anali atangopuma kumene pantchito yaukalaliki imene anaigwira kwa zaka zoposa makumi atatu. Masiku amenewo ankadzuka m'mamawa monga mwa chizolowezi, n'kusamba, n'kuvala malaya osita bwino, kenaka n'kukakhala pakhonde ndi wailesi mpaka dzuwa kupendeka. Sankadandaula, koma ndinkaona kuti mumtima mwawo muli funso lakuti mafayilo onse aja, makalata onse aja, zapita kuti. Choncho nditaona munthu akufafaniza yekha mapazi ake, sindinafunikire wondimasulira. Chimene chinandidabwitsa pambuyo pake n'chakuti wopanga chithunzicho nayenso anali munthu wopuma pantchito, ndipo luso lake lonse linayamba pa msinkhu umene ambiri a ife timati munthu watha, angodikira zidzukulu.

A Garcin anabadwa m'chaka cha 1929 ku La Ciotat, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, kum'mawa pang'ono kwa mzinda wa Marseille, kum'mwera kwa dziko la France. Ndi tauni imene inkadziwika ndi ntchito yokhoma sitima zapamadzi, ndipo ili ndi malo akeake m'mbiri ya kanema, pakuti ndi pasiteshoni yake pamene abale awiri a banja la Lumière anajambula sitima yapamtunda ikufika, imodzi mwa makanema oyambirira padziko lapansi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mawu akuti lumière m'Chifalansa amatanthauza kuwala. Ndikutchula zimenezi chifukwa moyo wonse wantchito wa a Garcin unalinso wa kuwala, ngakhale kuti kunali kuwala kwamalonda: ankayendetsa kampani ya nyale ndi zounikira zamagetsi ku Marseille. Anali munthu wabizinesi, wamabuku a ndalama ndi makasitomala, ndipo palibe amene akanaloza iwo n'kunena kuti uyu dzina lake lidzalembedwa pamakoma a nyumba zachionetsero ku Paris.

Atapuma pantchito, ali ndi zaka pafupifupi 65, anayamba kujambula zithunzi monga amachitira anthu ambiri ofuna chotayitsa nthawi. Zinthu zinatembenuka pamene anakachita nawo maphunziro a masiku ochepa ku Arles, mzinda wa kum'mwera kwa France umene chaka chilichonse m'nyengo yotentha umachititsa chikondwerero chachikulu cha zithunzi chotchedwa Rencontres d'Arles, chimene chinayamba mu 1970. Mphunzitsi wawo kumeneko anali wojambula wina dzina lake Pascal Dolémieux, amene anawaonetsa kuti chithunzi sichiyenera kudikira kuti dziko lichite chinthu chochititsa chidwi, koma munthu angathe kumanga kadziko kakekake patebulo n'kukajambula. A Garcin anabwerera kwawo ndi nzeru imeneyi, ndipo sanaisiyenso kwa zaka pafupifupi makumi awiri.

Njira yawo inali yosavuta kuifotokoza koma yofuna kuleza mtima kwakukulu. Ankayamba ndi ganizo, nthawi zina n'kulilemba kaye papepala. Kenaka ankavala chijasi chawo chija n'kudzijambula ataima mmene ganizolo likufunira, mwina atawerama, mwina akukoka chinthu chosaoneka, mwina atangotembenuka kupereka msana. Chithunzicho akachitsuka n'kuchisindikiza chaching'ono, ankatenga sizasi n'kudula mosamala thupi lawo lokha, n'kulimata pakatoni kuti lithe kuima. Kamunthu kameneka, kotalika ngati chikhatho cha dzanja, ankakaimika patebulo m'kanyumba kawo kogwiriramo ntchito ku La Ciotat, pakati pa mchenga, timiyala ta kunyanja, ulusi, mawaya, tizidutswa ta matabwa ndi guluu. Kumbuyo kwake ankaonetsa chithunzi cha mitambo pogwiritsa ntchito pulojekita, ndiye n'kuyatsa nyale zawo, n'kuzisuntha uku ndi uku mpaka mthunzi wa kamunthuko utagwa pamalo oyenera, n'kujambulanso zonsezo kachiwiri pafilimu yoyera ndi yakuda. Zambiri zimene ankayesa ankazitaya. Pachaka ankasunga zochepa chabe, ndipo ntchito yawo yonse ndi zithunzi mazana ochepa, chiwerengero chimene munthu wa foni yamakono amachikwanitsa pa ukwati umodzi.

Apa m'pamene zaka zija zogulitsa nyale zinabweza phindu lake lenileni. Amene anayesapo kujambula kanthu kakang'ono patebulo amadziwa kuti chimene chimaulula bodza ndi mthunzi. Mthunzi ukagwa molakwika, diso limazindikira nthawi yomweyo kuti ili ndi pepala lomatidwa, ndipo mtima sukhudzidwanso. M'zithunzi za a Garcin mthunzi ndi wolondola, mwala wa kunyanja umalemera ngati thanthwe, ndipo mchenga wa m'mbale umatambasuka ngati chipululu chofika m'chizimezime. Komabe sankafuna kutinamiza kotheratu. Ukayang'anitsitsa umaona kuti munthuyo ndi wophwatalala, kuti m'mphepete mwake munadutsa sizasi. Amafuna kuti tikhulupirire ndi diso limodzi, diso linalo likudziwa kuti awa ndi masewera, monga mmene mwana woyendetsa galimoto yamawaya amadziwira bwino lomwe kuti ndi mawaya koma akamakhota pakona thupi lake lonse limapendekera komweko.

Chinthu chimene ndimachiona kuti n'chachikulu pa ntchito yonseyi chimaoneka bwino kwambiri m'chinenero chathu. Polemba nkhani ino ndakhala ndikuti “a Garcin anabadwa”, “a Garcin ankajambula”, chifukwa ndi munthu wamkulu, mwini kampani, woyenera ulemu. Koma ndikafika pa munthu wa m'chithunzi, lilime limakana ulemu umenewo palokha, ndipo ndimapezeka ndikuti “kamunthu kaima”, “kamunthu kakukoka chingwe”. Munthu mmodzi yemweyo wachoka pa “a” n'kufika pa “ka”, ndipo wadzitsitsa yekha, ndi manja ake, popanda womukakamiza. Amuna ambiri akafika zaka zimenezo amafuna chithunzi chachikulu chopachika pabalaza, atavala suti, kumaso kuli ulemerero wa zonse zimene anakwanitsa. A Garcin anachita zosiyana ndi zimenezo: anatenga thupi lawo lokalamba, dazi ndi imvi zomwe, n'kulichepetsa mpaka lokwana m'thumba la malaya, n'kuliika pamalo pamene likuoneka losochera, louma mutu, lodzikonda, lamantha. Kwa ine uku ndi kulimba mtima kwa mtundu wosowa.

Kamunthuka kanapatsidwa dzina lakuti Monsieur G, kapena Mister G, ndipo eni ake ankanenetsa kuti zithunzizi si mbiri ya moyo wawo. Nkhope ndi yawo, koma munthuyo ndi wina aliyense. N'chifukwa chake chovala sichisintha, nkhope sionetsa kukwiya kapena kuseka, ndipo nthawi zambiri timamuona chakumbuyo kapena chapatali. Mu chithunzi chotchedwa L'égoïste, kutanthauza wodzikonda, Monsieur G akusewera masewera odumphana pamsana, koma wowerama ndi iye, wodumpha ndi iye, ndipo mzere wonse wa osewerawo mpaka kutali ndi iye yekhayekha. Munthu umayamba waseka, chifukwa mkulu wachijasi akudumpha ngati mwana wasukulu n'choseketsadi, koma kuseka kumatha ukazindikira kuti pabwalo lonselo palibe mnzake ngakhale mmodzi, ndipo kuti iweyo unakhalapo pabwalo loterolo. Mu china chotchedwa Être maître de soi, kutanthauza kudzilamulira wekha, iye ndi chidole choyendetsedwa ndi zingwe, koma zingwezo wazigwira yekha. Kodi ameneyu ndi mfulu kapena kapolo? Chithunzicho sichiyankha, ndipo ndikuganiza kuti chikanayankha chikanachepa mphamvu.

Ankabwererabwereranso ku nthano zakale za Agiriki, makamaka ya Sisyphus, munthu amene milungu inamulanga kuti azikankhira chimwala pamwamba pa phiri, chimwalacho n'kumagubuduzika kubwerera pansi nthawi iliyonse akatsala pang'ono kufika, ndi ya Icarus amene anauluka ndi mapiko omata ndi phula. N'zosadabwitsa kuti munthu amene anatsegula ndi kutseka kampani tsiku ndi tsiku kwa zaka zambirimbiri anamva nthano ya chimwalacho ngati yakeyake. Zithunzi zina zambiri zili ndi mafelemu opanda kanthu, kapena kamunthu katanyamula chithunzi cha nkhope yake yomwe, ngati kuti a Garcin ankadzifunsa poyera ngati zimene akuchitazi si kudzikonda komwe akukudzudzula.

Anthu olemba za luso amaika ntchito imeneyi m'gulu la surrealism, ndipo mawuwa ndi ofunika kuwamasula pang'ono. Surrealism inayamba ngati gulu la alembi ndi ojambula ku Paris, ndipo chikalata chake choyamba anachilemba ndi André Breton mu 1924, patangopita zaka zochepa nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha. Anthu amenewa anali ataona kumene nzeru zadongosolo za ku Ulaya zinafikitsa achinyamata mamiliyoni, choncho anatembenukira ku maloto, ku zongochitika mwangozi, ndi ku zinthu zimene maganizo amabisa. Ankaika pamodzi zinthu zosayenderana kuti diso lidzidzimuke n'kuona dziko mwatsopano. Zithunzi za kamera zinali m'gululi kuyambira pachiyambi, kudzera mwa anthu monga Man Ray ndi Dora Maar, amene ankadula ndi kuphatikiza zithunzi kale kwambiri kompyuta isanabwere. Breton anamwalira mu 1966 ndipo gulu lake la ku Paris linatha patapita zaka zochepa, kotero a Garcin, amene anayamba m'zaka za m'ma 1990, sanakhalepo membala wa gulu lililonse lotero. Chimene anatengako ndi kaonedwe ka zinthu. Amene amafanana naye kwambiri ndi René Magritte wa ku Belgium, amene anajambula kambirimbiri mwamuna wosadziwika wovala chijasi ndi chipewa chozungulira, ataima pamalo osatheka nkhope ili phee.

Komabe ndimaona kusiyana kumene anthu sakutchula kawirikawiri. Surrealism yoyambirira inali ya achinyamata okwiya, ofuna kugwedeza dziko, ndipo zambiri mwa ntchito zake zimafuna kukudzidzimutsa kapena kukuchititsa manyazi. Ya a Garcin ndi ya munthu wokalamba amene waona zambiri ndipo alibenso chifukwa chokuwa. Maloto awo si a usiku, osokonekera, ongobwera okha. Ndi maloto opangidwa masana, munthu ali maso, atayeza ndi rula. Amafanana kwambiri ndi mwambi kusiyana ndi loto. Mwambi wabwino umatenga kanthu kakang'ono kodziwika, fulu, nkhwangwa, mtsuko, n'kukasenzetsa nkhani yaikulu ya moyo, ndipo umasiya womva kuti amalize yekha. Ena amadandaula kuti zithunzi zina za a Garcin n'zosavuta kwambiri kumva, kuti dzina la chithunzi limamasula zonse n'kusiya woonera wopanda ntchito. Pa zithunzi zingapo dandaulo limeneli ndi loona, ndipo ndimavomereza kuti pali zina zimene ukaziona kamodzi wamaliza. Koma zabwino kwambiri mwa izo sizitha choncho. Chigayo cha kuiwalika chija ndinachimva tsiku loyamba, koma mpaka lero sindinathe kugamula ngati munthuyo ndi womvetsa chisoni kapena ndi wodala, popeza kufafaniza mapazi ako kungakhale kutaya zonse, kungakhalenso kumasuka ku zonse.

Pali funso lina limene achinyamata odziwa kompyuta amafunsa akaona ntchitoyi, lakuti bwanji kuvutika ndi sizasi ndi guluu pamene pulogalamu yosinthira zithunzi pakompyuta ya Photoshop, imene inatuluka mu 1990, inalipo kale pamene mkuluyu ankayamba. Lero funsoli lakula, popeza pali mapulogalamu opanga chithunzi chilichonse chimene munthu walemba m'mawu, m'kanthawi kochepa. Yankho langa ndi lakuti zinthu zenizeni zimakana, ndipo kukanako n'kumene kumaphunzitsa wopanga. Ulusi umalendewera mmene ukufunira wokha, mwala sukhazikika pamene waufuna, katoni imapindika ikatenthedwa ndi nyale. Munthu wolimbana ndi zimenezi kwa masiku angapo amakakamizika kufunsa ngati ganizo lake ndi loyeneradi khama lonselo, ndipo maganizo ofooka amafera panjira. N'chifukwa chake m'zithunzi zimenezi mulibe chokongoletsa chongowonjezera. Muli munthu, chinthu chimodzi kapena ziwiri, thambo, ndi kuwala.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 m'kadziko aka munalowa munthu wachiwiri, mayi Monique, akazi awo a Garcin. Nawonso anajambulidwa, n'kudulidwa, n'kuimikidwa pamchenga pafupi ndi amuna awo, atavala diresi lakuda. Kubwera kwawo kunasintha zonse. Kamunthu kamene kankalimbana kokha ndi miyala ndi zingwe tsopano kanali ndi wina woyenda naye, wokokana naye, womuyang'ana uku kakuchita zopusa zake. Sindikudziwa ntchito ina ya luso imene imanena zoona za ukwati wautali mofatsa ngati imeneyi. Zithunzi zambiri za chikondi ndi za anthu ongokumana kumene, a matupi osalala. Izi ndi za anthu awiri okalamba amene akudziwana mpaka m'mafupa, nthawi zina atapatsana misana, nthawi zina atalekanitsidwa ndi mng'alu wa pansi, nthawi zina akusungana pamalo opendekeka pamene mmodzi akasuntha onse agwa. Ndimaganiziranso za mayiwo monga munthu weniweni, amene anavomera kuima pamaso pa kamera mobwerezabwereza, mkono uli m'mwamba kapena mutu utapendekera kumbali, kuti ganizo la amuna awo lioneke. Kuvomera kusandutsidwa kamunthu ka pepala limodzi ndi mnzako ndi chikondi chimene sichifuna mawu ambiri.

Kutchuka kunabwera msanga kuposa mmene aliyense akanaganizira. Nyumba zogulitsa zaluso za ku Paris, monga Les Filles du Calvaire ndi Camera Obscura, zinaonetsa ntchito yawo, kampani yosindikiza mabuku ya Filigranes inatulutsa mabuku angapo a zithunzi zawo, ndipo zionetsero zinachitika m'maiko ambiri a ku Ulaya, ku America ndi ku Asia. Mu 2013 chikondwerero cha ku Arles, kumene anapita zaka pafupifupi makumi awiri m'mbuyomo ngati wophunzira wa imvi pakati pa achinyamata, chinakonza chionetsero chachikulu cha ntchito yawo. Zimenezi n'zosangalatsa, koma sindikufuna kuti nkhani ya a Garcin isanduke chilimbikitso chotchipa chakuti aliyense akhoza kutchuka atakalamba. Ambiri sadzatchuka, ndipo mkuluyu anali ndi zinthu zimene okalamba ambiri alibe: penshoni yokwanira, thanzi, kanyumba kogwiriramo ntchito, ndi dziko lokhala ndi masukulu ndi zikondwerero za zithunzi. Chimene ndimasirira si kutchukako ayi, koma kuti munthu wa zaka 65 analola kukhalanso wosadziwa, kufunsa mafunso a mwana woyamba sukulu, ndi kutenga masewera ngati ntchito yofunika kuidzukira m'mamawa.

Tsiku lina ndinawaonetsa bambo anga zithunzi zimenezi pafoni, tili pakhonde lomwe lija. Ndinkayembekezera kuti anena za tanthauzo lake, koma iwo anayang'anitsitsa kwa nthawi yaitali, n'kukulitsa chithunzicho ndi zala, kenaka n'kufunsa kuti nyale anaiika mbali iti kuti mthunzi utalike chonchi. Tinatha madzulo onsewo tikukambirana za nyale, za katoni, ndi za mmene munthu angaimikire pepala pamchenga osagwa. Aka kanali koyamba chipumireni pantchito kuwamva akufunsa za kapangidwe ka chinthu ndi chidwi chotero.

Mayi Monique anamwalira mu 2012, ndipo chapanthawi yomweyo a Garcin analeka kupanga zithunzi zatsopano. Anakhalabe ndi moyo zaka zina zisanu ndi zitatu, ntchito yawo ikuyendayenda m'zionetsero, mpaka anamwalira ku Marseille mu Epulo 2020 ali ndi zaka 90, m'masabata amene dziko la France linali lotsekeka chifukwa cha mliri wa Covid-19. Mwa zithunzi zimene anapanga ali limodzi ndi akazi awo, chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi Lorsque le vent viendra, kutanthauza pamene mphepo idzabwere. Chikuonetsa duwa lija la m'thengo limene Afalansa amalitcha pissenlit, limene likakhwima limasanduka kampira koyera ka njere zopepuka ngati thonje, zoti mwana akangouzira kamodzi zonse zimabalalika. M'chithunzimo duwalo ndi lalikulu ngati mtengo, ndipo tianthu tiwiri tija tili pomwepo, mwamuna ndi mkazi wake, tovala zakuda. Anachipanga onse awiri ali moyo, akudziwa bwino zaka zawo, mmodzi akuima pamaso pa kamera, mnzake akusuntha nyale. Mphepo ija inabweradi, koyamba mu 2012, kachiwiri mu 2020. Koma papepalapo njere zonse zikadali pamalo ake, ndipo awiriwo akadali limodzi.